Musawauze Achemwali

Achemwali anga sadziwa kukhala pansi. Ngakhale m'basi yoti mipando ilipo, amakhala cham'mphepete, chikwama pamiyendo, ngati wina awauza kuti atsike pompano. Akamadikira madzi kuti awire amapukuta tebulo loti apukuta kale, ndipo akatseka chitseko amabwerera kukachigwedeza, n'kubwereranso. Ine ndi amene ndinawaponda pamutu, tinakulira bedi limodzi, ndipo lero timaluka tsitsi mu saluni imodzi, mpando wanga pambali pa wawo. Choncho ndikamanena za iwo sindinena zakumva ayi.

Anthu ena nkhawa imawagwira m'mimba, ena m'mutu. Ya achemwali imatulukira pakhungu. Zinayamba tili pasukulu. Mayeso akayandikira, m'khosi ndi m'zigongono munkachita zidzolo, iwo n'kumakanda mpaka magazi. Amayi athu anayesa zonse. Anasintha sopo, anawaletsa mazira, anawiritsa zofunda, anawadzoza mankhwala a mphere onunkha ngati matayala opsa, mpaka ine wosalakwa ndinadzozedwa nawo poti tinkafunda bulangete limodzi. Mayeso akatha khungu linkasalala lokha, ndipo ulemu unkapita kwa mankhwala amene anadzola komaliza.

Sukulu sinawayendere, koma zala Mulungu anawapatsa. Achemwali akagwira mutu wa munthu, mizere imawongoka ngati ayeza ndi rula, ndipo sakoka. Mwana amene walira m'manja mwa wina aliyense amagona m'manja mwawo. Vuto ndi lakuti ntchito yathu ndi ya manja, ndipo manjawo amaonekera pagalasi. Kasitomala amakhala ngati akudziyang'ana nkhope, koma chimene akuona ndi zala zako zikuyenda m'mutu mwake. Zikakhala ndi ming'alu, umangomva khosi lake likuuma. Achemwali anatopa nako kunena kuti, "Musaope mayi, si zopatsirana izi." Ena amakhulupirira, ena sabweranso.

Anakwatiwa ndi munthu wosiyana nawo ngati madzi ndi moto. Alamu ankadula makiyi m'kashopu ka malata pafupi ndi msika, ndipo anali munthu woti nyumba ikamapsa ayamba kaye wamanga zingwe za nsapato. Kufunsira kokhako kunawatengera chaka. Ankangobwera kudzameta tsitsi loti silinakule n'komwe. Kuyambira nthawi imeneyo mutu wa alamu sunagwidwepo ndi munthu wina. Loweruka madzulo achemwali ankawakhazika pa kampando kuseri kwa nyumba, thaulo paphewa, n'kumawameta uku akuwakhuthulira zonse za sabata imeneyo: kasitomala wamwano, mwini saluni, mpopi wodontha, mwana wa aneba amene akutsokomola modabwitsa. Alamu ankangoti "eee" ndi "zoona", maso ali chitsekere. Ndinkawaseka kuti, "Alamu, mumamva koma?" Iwo ankati, "Ndikamva zonse, mlamu, inenso ndituluka zidzolo." Komabe zaka zimenezo manja a achemwali ankatha miyezi ali osalala.

Mwana anabereka mmodzi, wamkazi. Timamutchula Ahedi chifukwa kuyambira akukwawa ankalamula aliyense, ndipo lero ali pa ofesi ina kumene ndikumva kuti anthu amayenda monyang'ama akamadutsa pakhomo pake. Mwana wanzeru, wokonda makolo ake, koma wosamva za munthu.

Chaka chimene amayi athu anamwalira, manja a achemwali anafika poipa. Zikhato zinang'ambika, m'zala munkatuluka timatuza ta madzi, ndipo ankaluka atavala magolovesi ngati otsuka zimbudzi. Ahedi anawatengera kwa dokotala wa khungu, ine ndinaperekeza. Dokotalayo, mayi wachikulire wa magalasi, anayang'ana manjawo, kenako anayamba kufunsa zina: mumagona bwanji, mtima umathamanga kodi, kunyumba kwachitika chiyani. Achemwali anayankha mopsa mtima kuti abwera ndi manja, za kunyumba azisiya kunyumba.

"Ndamva, mayi," anatero dokotala. "Matenda a khunguwa alipodi, simukunamizira, ndipo mafuta odzola ndikupatsani. Mankhwala a tsitsi amene mumagwira nawonso amaputa. Koma inuyo khungu lanu limamva zimene mtima ukumva. Mukada nkhawa limayabwa, mukakanda limatupa, likatupa mumada nkhawa ndi makasitomala, basi zikungozungulira. Tisamale zonse ziwiri."

Tonse atatu tinamva mawu amodzimodziwo, koma Ahedi anatolapo zake. Pofika kunyumba anali atakhazikitsa lamulo: chilichonse choipa, amayi asauzidwe. Poyamba zinali zoseketsa. Mphaka atafa, anawauza kuti wasamukira kwa aneba. Akuba atathyola nyumba yakuseri, anati loko anangothyoka yekha ndi dzimbiri. Msuweni wathu atagwa pa njinga yamoto, achemwali anamva atamuchotsa kale chikhakha. Ine anandiika m'gulu la osauzidwa, ati pakamwa panga palibe chotsekera. Sindikana, n'zoona, koma zinandiwawa.

Tsopano ndikuuzeni zimene ine ndi achemwali tinazidziwa mochedwa. Alamu anayamba kumva kupweteka m'mimba, anapita kuchipatala ndi Ahedi, ndipo anawapeza ndi khansa yoti yapita kale patali. Madokotala anati mankhwala a m'diripi angawonjezere masiku, koma sanalonjeze zambiri. Alamu anafuna kuuza mkazi wawo tsiku lomwelo. Ahedi anakana. "Mukufuna amayi asupuke khungu lonse? Tidikire mankhwala agwire kaye, tidzawauze nkhani ili yabwino." Alamu anali ataonapo manja aja akusiya magazi pa pilo, ndiye anavomera. Masiku awo anali atatsala ochepa, ndipo munthu yekhayo m'nyumbamo amene sankadziwa kuti akutha anali mkazi wawo.

Koma mungabise chiyani kwa munthu amene amamva ali kuchipinda kuti chitseko cha aneba sichinatsekedwe bwino? Achemwali anayamba kuona kuti akalowa pabalaza, bambo ndi mwana amasiya kulankhula. Masiku ena alamu ankasita shati m'mawa, munthu wodula makiyi, n'kutuluka. Achemwali akadzera kumsika ankapeza kashopu kali kotseka. Alamu ankabwera madzulo atatopa, akununkhira sopo wachilendo, chakudya n'kungochigwiragwira. Foni ikalira ankakayankhira panja. Akafunsidwa ankati, "Palibe, mayi, ntchito basi."

Kenako tsiku lina anabwera ali mpala, atameta kwa wina. Tsitsi linali litayamba kuthothoka ndi mankhwala aja, ndiye anaopa kuti Loweruka likafika lidzatsalira m'zala za mkazi wawo. Iwo anaona ngati achita mwanzeru.

M'mawa mwake achemwali anafika ku saluni maso ali psuu, akukanda dzanja ndi mano a chipeso.

"Ali ndi mkazi," anatero asanaike n'chikwama chomwe.

"Ndani?"

"Alamu ako. Ameta kwina."

Ndinaseka mpaka kugwira mpando. "Achemwali, alamu omwe aja? Akamupeza kuti mkaziyo? Ndipo akamuuza chiyani? Eee ndi zoona?"

"Usaseke iwe. Mutu umene uja ndaugwira ine kuyambira usanamere imvi. Mwamuna sangochotsa mutu wake m'manja mwa mkazi wake popanda chifukwa."

Pamenepo sanalakwe, chifukwa chinalipodi. Ndinatuluka panja n'kumuimbira Ahedi. "Iwe, bambo ako akuchita chiyani?" Iye anati, "Mayi aang'ono, chonde musakolezere moto. Palibe chilichonse." Anadula foni ndisanapume.

Ndinapita ndekha kwa alamu. Ndinawapeza ali chogonera pa makina awo, chipewa chofika m'makutu, akudula kiyi wa mayi wina. Kiyiyo anawapulumuka, anagwa pansi, ndipo kuti awerame kukamutola panapita nthawi. Mayi uja atachoka ndinati, "Alamu, ine sindizungulira. Ngati pali wina nenani, mkazi wanu akutha."

Anandiyang'ana. Milomo inatseguka, ndinaona kuti mawu afika pakhosi. Kenako anamwetulira n'kunena kuti, "Mlamu, ndinu munthu wabwino, koma nkhani ikalowa mwa inu imatuluka isanazizire. Muziwayang'anira achemwali anu, basi." Ndinachoka nditakwiya, ndikutukwana amuna onse a padziko.

Miyezi imene inatsatira sindikonda kuikumbukira. Achemwali anamuumba mkazi uja m'mutu mwawo mpaka kumumaliza: wamng'ono, wonenepa bwino, wa manja osalala. Mtsikana aliyense wolowa mu saluni ankamufunsa kumene amakhala, ngati anadulitsapo kiyi posachedwa, sopo amene amasamba. Ankaluka mzere umodzi n'kupita pakhomo kukasuzumira msewu, kubwera, kusamba m'manja, kuyang'ana foni, kusambanso. Zidzolo zinachoka m'manja n'kukwera mikono, khosi, mpaka kuseri kwa makutu. Mayi wina amene achemwali anamulukira mwana wake kuyambira ali wakhanda anamukoka mwanayo pampando, ati aiwala mphika pamoto. Makasitomala awo anasamukira pampando wanga mwakachetechete, ndipo ine ndinkawaluka manyazi ali tho. Potsiriza mwini saluni anawaitanira kuseri n'kuwauza mwaulemu kuti apumitse kaye manja, azipinda mathaulo ndi kusesa tsitsi. Munthu amene anatiphunzitsa tonse kugawa mzere! Tsiku lina tsache lili m'manja anagwira pachifuwa n'kunena kuti mpweya ukuwathera, akufa. Tinathamanga nawo kukiliniki, anawayeza mtima, anati uli bwinobwino, ndi mantha.

Ahedi, poona khungu la mayi ake likuipiraipira, anangolimbitsa lamulo. Ndinamva pambuyo pake kuti alamu anapemphanso kuti aulule, iye n'kuwayankha kuti, "Taonani mmene alili asakudziwa. Nanga akadziwa?" Sizinamufikire m'mutu kuti chikuwadya amayi ake ndi kusadziwako. Kunyumba achemwali anasiya kulankhula ndi amuna awo. Ankawaikira chakudya patebulo n'kukadyera kukhitchini. Anatenga pilo wawo n'kusamukira kuchipinda cha alendo. Alamu ankawonda, iwo n'kumati ndi mkazi uja akuwamaliza.

M'mawa wina achemwali anandipeza ndikutsegula saluni.

"Asita shati. Tiye."

"Kuti?"

"Ndikamuone. Ndingomuona nkhope basi."

Anali atavula ndolo, atavala nsapato zafulati. Munthu wofuna kungoona nkhope savula ndolo, koma ndinatsekanso saluni n'kuwatsatira, chifukwa inenso nkhaniyi inali itandikwana.

Tinawaona alamu pa siteji akukwera minibasi pang'onopang'ono ngati nkhalamba. Ife tinakwera yotsatira. Achemwali anakhala kumbuyo kwa dalaivala n'kumamuuza kuti asaisiye ya alamu ija, dalaivala n'kumati, "Mayi, ine ndikutola anthu, sindikuthamangitsa akuba." Paliponse pamene tinaima ankadzuka, kugunda mutu kudenga, kukhala, kukanda. Tinaitaya pamphambano, tinaipezanso pa maloboti. Potsiriza tinaona chipewa cha alamu chikutsika pa geti ya chipatala chachikulu.

"Ndi nesi," anatero achemwali. "Sopo uja! Ndinadziwa ine."

Ine apo za mkazi uja ndinali nditayamba kale kuzikayikira. Ndinali nditaona mmene alamu anagwirira chitsulo cha geti kuti apume, ndi mmene thalauza linkawalendewera. Koma achemwali anali patsogolo kale. M'kati tinawataya. Tinazungulira makonde aatali, tinadutsa mabenchi odzaza anthu, tinakwera masitepe n'kutsikanso, achemwali akuyang'anitsitsa nesi aliyense kuyambira kumutu mpaka kuphazi. Kenako tinafika pa chipinda china chachikulu, mipando yotsamira itandanda m'mbali mwa khoma, pampando uliwonse munthu ndi diripi yake. Alamu anali pakona, mkono wa shati atapinda, chipewa pabondo. Achemwali, amene anatha miyezi osawayang'ana kumaso, anaona kuti ndi nsidze zomwe zinatha. Pambali pawo panakhala Ahedi atanyamula jekete la bambo ake.

Ahedi ndi amene anayamba kutiona. Anaimirira, jekete n'kugwa.

"Amayi, musadandaule, si zoti…"

"Khala chete." Achemwali sanakweze mawu. Anayenda mpaka pamene panali amuna awo, anayang'ana thumba la diripi, mkono, nkhope. "Bambo, n'chiyani ichi?"

Alamu anayang'ana mwana wawo ngati akupempha chilolezo, kenako anati, "Ndi khansa, mayi. Pepani."

"Kuyambira liti?"

"Kusanayambe kuzizira."

"Ndiye ine ndimadyera kukhitchini…" Sanamalize. Anatembenukira Ahedi. "Iwe umadziwa?"

"Timaopa khungu lanu, amayi."

"Khungu," anatero achemwali. Anatambasula manja awo ong'ambikawo n'kuwayang'ana ngati a munthu wina. "Ndiye mwalisunga khungulo? Si ili?"

Ine ndinalira mokweza mpaka nesi ananditulutsa. Nditabwerera ndinapeza achemwali atalanda mpando wa Ahedi, akumuthira nesi yemweyo mafunso motsatizana: azidya chiyani, akasanza nditani, mapiritsi awa ndi a nthawi yanji.

Ndisakunamizeni kuti khungu linachira tsiku lomwelo. Koma kuyabwa kunayamba kuzilala, zidzolo za m'khosi zinauma, ndipo ming'alu inayamba kutseka. Nkhani yeniyeniyo inali yoopsa kuposa ya mkazi, komabe inali ndi pogwira: panali munthu woti amusambitse, zofunda zoti achape, mankhwala oti akumbukire. Titabwerera kwa dokotala wa khungu uja, anamva zonse n'kuvula magalasi. "Ine ndinati tichepetse nkhawa, sindinati muziwabisira," anamuuza Ahedi mofatsa. "Munthu wotere mukamubisira amadzipangira nkhani yake, ndipo sapuma nayo." Anawatumiza achemwali kwa mlangizi wa za maganizo, ndipo amapitabe mpaka pano, ngakhale amadandaula kuti mlangiziyo amafunsa kwambiri koma sayankha.

Alamu anakhala nawo masabata ochepa chabe. Achemwali anabwerera kuchipinda, ankawatembenuza, kuwasisita mapazi, kuwauza za ku saluni. Anamwalira masana ena mkazi wawo atawagwira dzanja. Koma miyezi imene alamu akanatha kuyenda, kuseka ndi kudya nawo patebulo limodzi inali itapita kale, inathera m'nyumba ya zii.

Ahedi ndinamukwiyira kwambiri, ndipo mpaka lero ndikamuona lilime limandiyabwa. Koma khoswe akakhala pamkhate sapheka. Ndi mwana wathu, anasenza yekha matenda a bambo ake miyezi yonseyo, akuchoka ku ofesi kukakhala nawo pa diripi, ndipo zonsezo anachita chifukwa cha chikondi. Amayi ake sanamukalipirenso. Anangomuuza kamodzi kuti, "Ukadzadwala iwe, ndimve tsiku lomwelo," iye n'kugwedeza mutu akulira.

Achemwali ali pampando wawo tsopano, ndipo makasitomala ambiri anabwerera ngati sanachokepo. Khungu limachita masiku, lero labwino, mawa lachita nsungu. Iwo aphunzira kulifunsa. Akamva kuyabwa amayamba aganiza kaye ngati ndi mankhwala a tsitsi kapena ndi mtima, ndipo akadziwa kuti ndi mtima amalankhula, nthawi zambiri kwa ine, ngakhale akudziwa bwino za pakamwa pangapa.

Sabata yatha masana magetsi anazima, mu saluni munalibe munthu, ndipo tinali kutsuka zipeso m'beseni. Ndinaona akukanda m'kati mwa dzanja pang'onopang'ono.

"Mwayambanso," ndinatero. "Chavuta n'chiyani?"

Anapukuta chipeso chimodzi mpaka chinauma, n'kumachipukutabe.

"Pali mawu amene sindinauzepo munthu, ngakhale mlangizi uja. Masiku amene aja, ndinawapeza bambo ake mwana atakhala pakhonde, atagwira pamimba, thukuta lili kamukamu. Ndinawaona bwinobwino. M'malo mowafunsa ndinati, 'Bambo, mukadzadwala musadzandivutitse ine. Akadzakusamaleni mkazi wanuyo.'"

Ndinasiya zipeso m'madzi. "Ndiye anati chiyani?"

"Anati, 'Chabwino, mayi.' Kenako anandiyang'ana manja n'kundifunsa ngati ndadzola mafuta."

Masiku onse akamakanda ndimawamenya dzanja. Tsiku limenelo ndinawasiya.